Waya Wozinga Kanyumba ka a Sakala

Emelda anatsika minibasi ku Luangwa, komboni ya ku Kitwe, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha. Ananyamuka ku Ndola m'mamawa, tebulo lake la kapenta ndi nyemba pa msika wa Mushili atalisiya m'manja mwa mnzake. M'chikwama munali diresi lakale, mpango wa kumutu ndi magolovesi a mumgodi. Anabwera kudzagwira ntchito.

Atalowa pa geti anazungulira nyumba kuti akapeze bambo ake kuseri, monga ankachitira nthawi zonse. Anaima chilili. Kanyumba ka miyala kanali katazingidwa ndi waya watsopano, wotalika kuposa munthu, ndipo pa kachitseko ka wayayo panali loko. Kunja kwa waya, pa mpando wa pulasitiki, panali a Fidelis Sakala, manja ali pa maondo.

Kanyumbako anakamanga okha atangopuma ntchito ya mumgodi. Kumbuyo kwa poloti lawo kunali chulu chachikulu, ndipo anthu ankawauza kuti achigumule aumbe njerwa. Iwo anakana. Kwawo ku mapiri a Chadiza nyumba imatsamira phiri, ndipo ku Kitwe phiri limene Mulungu anawapatsa linali chulucho. Anatuta miyala ndi wilibala pa mulu wa zotaya za mumgodi, naisanja popanda simenti: mwala umodzi kukhala pa iwiri, uliwonse wopendekera ku chulu, ndi mipata yosiyidwa dala kuti madzi azidutsa. Malemu akazi awo ankaphikira momwemo mpaka pamene anagona.

Koma nyumba yotere simangidwa kamodzi n'kuiwala. Chaka chilichonse mvula isanagwe, anthu amanyamula denga lonse n'kuliika pansi. Khoma lotsamira chulu limapasulidwa mpaka m'chiuno, dothi limene chiswe chatseka nalo mipata limachotsedwa, kenako miyala imabwerera. Kumapiri munthu amaphunzira kumanga popasula, chifukwa dzanja lochotsa mwala ndilo limamva mmene unakhalira. Zaka zonsezi a Sakala ankachita ntchitoyi ndi anzawo a mumgodi, ana ali kusukulu, kenako kuntchito. Anzawowo ambiri anali kumanda tsopano. Maso a mwini wake anali atachita ng'ala, ndipo chifuwa cha fumbi la mumgodi sichinkawalolanso kunyamula kanthu. N'chifukwa chake pa Isitala anauza Emelda kuti: "Ubwere mvula isanagwe. Ine ndidzakhala pa mpando, manja adzakhala ako. Sindikuona ngati padzakhala chaka china."

Emelda anagwada pafupi ndi mpando.

"Mwauka bwanji, atate?"

"Ndauka, mayi. Kaya a ku Ndola?"

"Ali bwino. Waya uyu ndi wa chiyani?"

"Woteteza kanyumba."

"Kuteteza kwa ndani?"

"Kwa ine, kaya. Pano pali wakuba wina?"

Anayamba kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Emelda anadikira mpaka chitapola. M'pamene anaona kuti wina anamangirira ambulera ku waya ndi lamba wa diresi, kuti mthunzi uzigwera pa mpando.

Belinda, mkazi wa mlongo wake Spencer, anatuluka ndi kapu ya madzi. Anamukokera Emelda pakhonde n'kumufotokozera motsitsa mawu. Kunabwera anthu a bungwe lina la ku Ndola loona za zinthu zakale. Mtsogoleri wawo, mayi Janeth, anajambula kanyumbako mbali zonse, anayeza makoma, anatenga mawu a nkhalamba pa makina. Anati pa Copperbelt ponse sanaonepo chomangidwa chotere. Adzaika chikwangwani cha dzina la a Sakala, ndipo ana a sukulu azidzabwera kudzaona. Koma pasakhudzidwe kanthu, ngakhale kamwala. Waya anagula Spencer mwini.

"Ngakhale mthiko wa amayi uli momwemo, mlamu," anatero Belinda. "Anaujambula, ndiye sutuluka. Adadi akauka amangopita pa mpando paja. Chakudya amangolawa."

Spencer anafika masana, malaya oyera ali opisira bwino ngakhale linali Loweruka. Anamupatsa moni mlongo wake mosangalala.

"Ba Emelda! Mwaona? Adadi atchuka."

"Ndaona kuti wawatsekera kunja. Kiyi ili kuti?"

"Ili pabwino."

"Ndipatse. Mitambo yayamba kusonkhana ku Congo uku, ndipo khoma lifunika kupasula."

"Awe, asisi, chaka chino palibe zopasula. Ichi si kitchini tsopano, ndi chuma cha dziko. Inu mufuna tichigwetse ndi manja athu?"

"Chakhala chikugwetsedwa chaka chilichonse kuyambira uli ndi mamina."

"Ndiye kunali kusadziwa. Mvula ikabwera ndidzafunditsa tenti."

"Tenti! Chiswe chimaopa tenti?"

"Mverani, asisi. Adadi anakhala pansi pa nthaka zaka zawo zonse, ndani anawathokozapo? Anatuluka ndi chifuwa basi. Lero kwabwera anthu ofuna kulemba dzina lawo poti aliyense aone, inu mukuti iyayi chifukwa cha chiswe."

"Dzina lawo ndikulidziwa. Ali apo, akuyang'ana nyumba yawo pa mabowo a waya ngati nkhuku."

"Inu zanu ndi kapenta, izi sizanu."

Panali mawu ambiri amene Emelda akanatha kumuuza mwana amene anamubereka kumsana mpaka ku kiliniki ya Luangwa, koma anawameza. Anatenga mbale ya bambo ake, nakhala pansi pafupi ndi mpando, n'kumawasankhira minga ya nsomba. A Sakala anadya pang'ono, chifukwa cha ulemu.

Lolemba, atabwerera ku Mushili, Emelda anatseka tebulo msanga napita ku ofesi ya bungwe lija m'tauni ya Ndola. Janeth anali mayi wa msinkhu wake, wovala mandala, ndipo anamulandira bwino. Anamuchotsera mafayilo pa mpando, natembenuzira fani kwa mlendo. Analankhula Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja, monga amachitira anthu a m'tauni.

"Atate anu ndi munthu wapadera, mukwai. Ndinakhala nawo tsiku lonse osatopa."

"Anakuuzani kuti khoma limapasulidwa chaka chilichonse?"

"Anandiuza. Ndinalemba zonse, ngakhale za kunyamula denga."

"Ndiye mwalemba kuti amapasula, n'kuwaletsa kupasula."

Janeth anavula mandala n'kuwapukuta. Kenako anatembenuza kompyuta namuonetsa zithunzi. Choyamba chinali katchalitchi kakale ka njerwa zosawotcha. Chachiwiri chinali katchalitchi komweko katapakidwa simenti ndi penti wobiriwira, mawindo ake ali a aluminiyamu.

"Awa nawonso ankati akukonza," anatero. "Aliyense amene wationongera chinthu ananena kuti akukonza. N'chifukwa chake lamulo lathu ndi limodzi kwa onse. Akuluakulu akabwera kudzaona, ayenera kupeza chimene chili pa zithunzi. Mwala ukasuntha, sindingachitetezenso. Akavomereza, mwina chaka chamawa tidzapempha chilolezo chakuti apasule ife tikujambula."

"Pa makina anu aja, munamva mmene amapumira?"

Janeth anavalanso mandala ake.

"Ndinamva."

"Mayi, ine sindinabwere kudzakangana. Munthu uja ali ndi chinthu m'manja mwake chimene akufuna kundipatsa. Inu mwajambula manjawo, mwatenga mawu, mwatseka chitseko. Mukusunga chiyani? Miyala ija anatola pa zotaya, ikadalipo yambiri, mukatenge. Loweruka likubwerali ndikupasula. Ngati mufuna kuona mmene anthu a kumapiri amamangira, bwerani ndi makina anu. Ku Kitwe si kutali."

"Ndikabwera ndiye kuti ndavomereza," anatero Janeth motsitsa mawu. "Sindingathe."

Anamuperekeza mpaka pa masitepe. Emelda anathokoza chifukwa cha mpando ndi fani, ndipo anathokozadi ndi mtima.

Analowa m'tchalitchi pobwerera ku Mushili. Munalibe anthu, kupatula mayi wina amene ankakolopa, ndipo mayiyo anamusiyira benchi youma. Emelda anagwada, natulutsa kolona, koma mapemphero ankangothera panjira. Potsiriza anangonena zimene zinali mumtima: "Ambuye, ndakwiya, ndipo sindikufuna kuti mkwiyowu uchoke lisanafike Loweruka. Mundiletse kokha kunena mawu amene sindingawabweze." Atatuluka anaimbira Spencer.

"Loweruka ndikubwera. Ubweretse kiyi, apo ayi ndibweretsa pulayazi."

"Muyese," anatero Spencer, nadula foni.

Denga silinyamulidwa ndi munthu mmodzi. Lachisanu madzulo Emelda anafika ku Luangwa n'kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi a m'chitente, kagulu ka Akatolika a m'deralo kamene malemu mayi ake ankapemphera nako. Ena anali Abemba, ena a kum'mawa. Sanafotokoze zambiri. Amayi Gladness, amene ankatsogolera nyimbo pa maliro, anangofunsa kuti, "Tibwere ndi nkhata?" Anapitanso kwa a Frederick, mnzawo wa bambo ake wa mumgodi amene anatsala, ndipo iwo anamubwereka pulayazi yokulungidwa m'nsanza ya mafuta.

Loweruka itatha Misa ya m'mawa anthu anafika, zitenje zili zomangidwa m'chiuno. Anapeza Spencer ataima pa kachitseko ka waya. Anawapatsa moni onse mwaulemu, mmodzimmodzi, kenako anati ntchito kulibe, awakhululukire powavutitsa.

"Spencer, kiyi," anatero Emelda.

"Asisi, musandichititse manyazi pa anthu."

"Manyazi ali pa mpando apo mwezi wonse. Sunawaone?"

"Mukadula waya uyu, mwawachotsera adadi chinthu chokhacho chimene dziko likanawakumbukira nacho. Ndipo ine ndi inu tathana."

Onse anatembenukira kwa nkhalamba. A Sakala anali atavala kale nsapato zawo za mumgodi, zingwe zosamanga chifukwa kuwerama kunkawatsamwitsa.

"Adadi, nenani inu," anatero Spencer. "Simufuna chikwangwani?"

"Ndikuchifuna, mwana wanga. Ndani sangachifune? Koma sindingachiwerenge. Mwala ndiye ndingaumve."

Emelda anayamba kudula. Wayayo anali wolimba kuposa mmene ankaganizira, ndipo anadula kachingwe kamodzikamodzi, pulayazi ikumuluma m'chikhatho. Spencer anayang'ana kwa kanthawi, kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi jekete, n'kupita osatseka geti.

A Frederick anamasula luzi lomangira denga ku khoma. Amayi anaika nkhata pamutu nazungulira kanyumba, aliyense pansi pa phaso lake. Mbali ya ku chulu inaperewera munthu.

"Apa pafunika wina wamtali," anatero amayi Gladness. "Ine ndine wamfupi ngati botolo la mankhwala, denga lindipitirira pamwamba."

Belinda anali ataima pakhomo la nyumba yaikulu, m'manja muli nsalu yopukutira mbale. Anayang'ana ku geti kumene mwamuna wake anatulukira. Kenako anapinda nsaluyo kukhala nkhata, navula masilipasi, nakaima pamalo poperewerapo. Emelda anangomusunthira pang'ono kuti apeze popondapo pabwino.

"Tiyeni, bamayo!" anakuwa a Frederick. "Pamodzi! Osathamanga ngati mwaona zovala za salaula zitangofika pa msika!"

Denga linadzuka, likugwetsa mwaye ndi zisa za mavu akale, ndipo linayenda pa mitu ya amayi mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi Gladness anayetsemula katatu n'kunena kuti utsi wa mnzawo malemu ukadali ndi ukali ngati mwini wake. Anthu anaseka, ndipo Emelda anatembenuka kuti asamuone m'maso.

Anasunthira mpando pafupi ndi khoma. Emelda anavala magolovesi, koma bambo ake atamva chikopa chikukhuza mwala anati, "Vula. Amenewo ndi otutira. Popasula umafunika khungu." Anavula.

"Usazule. Ugwedeze kaye. Ukulemerera kuti?"

"Kumbuyo."

"Ndiye nkhope yake ndi iyi ili kwa iwe. Uike pansi momwemo, nkhope kumwamba. Wotsatira."

Mwala uliwonse unkadutsa m'manja mwa nkhalamba usanapite pansi. Ankausisita, n'kuutembenuza, nthawi zina n'kuuzindikira. Uwu unaphwanya wilibala. Uwu anabweretsa malemu a Horace pa njinga, ataledzera, akuti ndi mphatso ya Khirisimasi. Kuseri kwa miyala chiswe chinali chitamata dothi lolimba ngati njerwa, ndipo amayi analikokota ndi timitengo ndi masupuni akale. Anapezanso mwala wautali wolowa m'kati mwa chulu, ndipo a Sakala anati umenewo sukhudzidwa, ndiwo umagwira khoma kuti lisachoke pa phiri lake. Emelda anayang'ana ku geti kangapo tsikulo. Galimoto ya ku Ndola sinabwere.

Lamulungu anapuma. Spencer anapita ku tchalitchi chake osadya, ndipo pobwera anadutsa mlongo wake pakhonde ngati mtondo.

Kumanga kunali kovuta kuposa kupasula. Lolemba Emelda anasanja mizere itatu, nanyadira. Bambo ake anayendetsa chikhatho pamwamba pake, nakankha mwala umodzi ndi chala, ndipo unagwedera.

"Uyu wakhala pa mnzake mmodzi. Wamasiye. Phwasula."

"Wokhawo?"

"Mzere wonse. Ndiwe unawaika, udziwa amene ananama."

Anaphwasula. Chala chapakati chinapanikizika pakati pa miyala iwiri, chikhadabo n'kuda. Belinda anamumanga ndi kansalu koviika m'madzi a mchere, nabwerera kukaphika. Masana a tsikulo Spencer anaimbira mkazi wake, ndipo Belinda anabwera kuseri foni ili m'manja, osadziwa poyang'ana.

"Akuti mayi Janeth aimba. Sadzapitiriza. Chikwangwani kulibe."

Emelda anali atanyamula mwala pamimba. Anauika pakhoma, naugwedeza, nautembenuza, mpaka unakhala.

"Atate, mwamva?"

"Ndamva. Spencer zimuwawa. Musamuseke, anafuna zabwino." Anatsokomola kwa nthawi yaitali. "Kamwala kakang'ono apo, ukhomere kumanzere."

Emelda anakhomera, koma mumtima munali mukuwira. Masiku onsewa chinthu chimene anthu a ofesi ankati n'chosowa pa Copperbelt ponse chinkachitika poyera, kuseri kwa nyumba, amayi a m'chitente akuchiona ndi maso, ndipo amene analembedwa ntchito yochisunga anakhala ku Ndola kusunga zithunzi.

Lachiwiri kunacha kotentha mopanda mphepo, ndipo pofika masana kumpoto kunada. Mzere womaliza unakwera mabingu akumveka kutali. A Sakala anaimirira, atagwira phewa la mwana wawo, nayenda m'mbali mwa khoma akulipapasa kuyambira pansi. Pakati anaima. Khomalo linali litatuluka mimba pang'ono.

"Apa unathamanga."

"Ndiphwasule?"

Anakweza nkhope kumwamba, akununkhiza mpweya.

"Iyayi. Lipirira chaka chimodzi. Ukadzapasula udzaona wekha chimene unalakwa. Itana anthu, denga libwere."

Amayi anabwera akuthamanga, ena ufa uli m'manja. Spencer anali atangofika kuchokera kuntchito, ndipo anaima pakhonde la kuseri, chikwama cha ofesi chili m'khwapa. Amayi Gladness anamuitana.

"Ba Spencer, phaso ili likusowa mwamuna!"

Spencer anayang'ana khoma, anayang'ana bambo ake, kenako mlongo wake.

"Mwapeza zimene mumafuna, asisi," anatero, nalowa m'nyumba.

Amayi ananyamula okha. Mphepo inali itayamba, ndipo denga linkafuna kuwatembenuza, koma linafika, linakhala, lopendekeka pang'ono chakumadzulo. A Frederick anapatsa Emelda luzi lonyowa. Emelda anakwera pa ndowa yovundikira nayamba kumanga phaso loyamba, chala chikupweteka, madontho oyamba akugwa pa udzu. M'kati mwa kanyumba bambo ake anali akukoka mpando, kufunafuna pamene ankakhala kale.